Sitima zonyezimira za m'ma 1930: anazipangiranji mawilo ogawana, nanga zinathera kuti?

Funso: Ndinaona pa intaneti chithunzi cha sitima yakale yowala ngati siliva, ya mphuno yopendekera kutsogolo, yomwe akuti ikusungidwa ku Chicago. Chinandidabwitsa n'chakuti mabogi awiri akhalira pa mawilo amodzi, pomwe sitima yomwe ndimakwera kuchoka ku Limbe kupita ku Balaka bogi iliyonse ili ndi mawilo akeake. Anapangiranji choncho? Ngati zinali zabwino bwanji zinatha, ndipo zilipobe zina lero?

Yankho: Sitima mwaionayo ndi Pioneer Zephyr, ya kampani ya njanji ya Chicago, Burlington & Quincy, ndipo inatuluka m'fakitale mu Epulo 1934. Maso anu agwera pamalo oyenera. Anthu ambiri amatengeka ndi kunyezimirako ndi mphunoyo, koma nkhani yonse yagona pa mawilo ogawanawo. Ndiwo anathandiza kuti sitimayi ipepuke n'kumathamanga, ndiwonso anachititsa kuti sitima za mtundu wake zichotsedwe msanga pa njanji zikuluzikulu, ndipo mpaka lero ndiwo amatuluka nawo thukuta anthu ofuna kuzisunga.

Tasuzumirani kunsi kwa bogi ya masiku onse. Imakhalira pa tingolo tiwiri tachitsulo, kena kutsogolo kena kumbuyo, kalikonse ka mawilo anayi, ndipo kangoloko kamapotoloka pang'ono sitima ikafika pokhota. Mabogi atatu ndiye kuti tingolo 6. Pa Zephyr, kangolo amakaika pamene mabogi awiri akumanirana, kotero kuti kumapeto kwa bogi yakutsogolo ndi kumayambiriro kwa yotsatira zonse zikhalira pa kangolo komweko. Zili ngati amuna atatu asenza mitengo iwiri ya denga motsogozana: wapakati walandira nsonga ziwiri paphewa pake, wachinayi safunikanso. Mabogi atatu a Zephyr anali ndi tingolo 4 basi. Kangolo kamodzi kamalemera matani angapo, ndiye kuchotsa tiwiri si zocheza. Phindu lina n'lakuti mabogi sayenda akugwedezeka iliyonse mwayokha, kugundana kuja kumene mumamva sitima ikamanyamuka kulibe, ndipo mpata wa pakati pa mabogi umachepa moti mphepo sipeza pogwira.

Nzeru imeneyi si ya ku America. Anaitulukira ndi injiniya wa ku Germany, Wilhelm Jakobs, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo tingolo totere timadziwika ndi dzina lake mpaka pano. Ku Britain, Nigel Gresley ankalumikiza mabogi mwanjira yomweyi pa sitima zonyamula anthu opita kuntchito mu London m'ma 1920. Koma sitima yomwe inaphatikiza zitatu zonse, mawilo ogawana, injini ya dizilo ndi thupi losalala loboola mphepo, n'kumayenda mothamanga tsiku ndi tsiku, inali ya ku Germany konko, yotchedwa Fliegender Hamburger. Inali ya mabogi awiri okha okhalira pa tingolo titatu, injini ya Maybach kumutu kulikonse. Kuyambira pa 15 Meyi 1933 inkayenda mtunda wa makilomita 286 pakati pa Berlin ndi Hamburg m'maola 2 ndi mphindi 18, kutanthauza makilomita 124 pa ola tikawerengera ulendo wonse. Panthawiyo panalibe sitima ina ya pa ndandanda yomwe inkafika pamenepo.

Ku America makampani a njanji madzi anali atawafika m'khosi. Anthu anali atagula magalimoto awo, mabasi anali atachuluka, ndipo kuyambira 1929 chuma chinagwa moti ambiri analekeratu kuyenda. Mutu wa malasha wokoka mabogi achitsulo, iliyonse yolemera matani 70 kapena 80, m'kati muli anthu owerengeka, unkadya ndalama ulendo uliwonse. Chomwe ankafuna chinali sitima yaing'ono, yopepuka, yosadya mafuta, komanso yooneka mwachilendo moti munthu asiye galimoto lake pakhomo kuti akaikwere. Mfundo yotsirizayi musaipepuse. Kusalala kwa thupi kumathandizadi sitima ikapitirira makilomita 100 pa ola, koma pa maulendo ambiri omwe sitimazi zinkayenda, oima pa masiteshoni ang'onoang'ono, kupepuka ndiko kunkapulumutsa ndalama. Mphuno ija theka la ntchito yake linali kuitana makasitomala.

Makampani awiri anathamangitsana. Union Pacific ndiyo inayamba kutulutsa yake mu Febuluwale 1934, yotchedwa M-10000, yopangidwa ndi Pullman-Standard. Inali ya mabogi atatu, thupi la aluminiyamu, yopakidwa utoto wachikasu ndi wofiirira. Chifukwa chofulumira, sanadikire kuti injini ya dizilo ikhale yokonzeka, ndiye anaikamo injini ya mapulagi yoyendera mafuta ofanana ndi palafini. Anaizungulitsa dziko lonse kuionetsa, Pulezidenti Franklin Roosevelt anakaiona ku Washington, ndipo anthu ankafola mizere m'masiteshoni kuti angolowamo n'kutulukira khomo lina.

A Burlington anachedwa ndi miyezi iwiri koma anabwera ndi chinthu cholimba. Mkulu wa kampaniyo, Ralph Budd, anali ataona injini zatsopano za dizilo za Winton, kampani ya m'manja mwa General Motors, zikugwira ntchito pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1933. Anaitanitsa imodzi, ya masilinda 8 ndi mphamvu za horsepower 600, yomwe ntchito yake inali kuzungulitsa jenereta, magetsi ake n'kumayendetsa mamota a ku mawilo akutsogolo. Thupi anakapangitsa ku Philadelphia kwa Edward Budd (mayina n'ofanana koma panalibe chibale), yemwe fakitale yake inkadziwa kugwiritsa ntchito chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi n'chovuta kuwotcherera, chifukwa chikatentha nthawi yaitali pamalo powotchererapo chimataya mphamvu yake yokana dzimbiri. Injiniya wa kumeneko, Earl Ragsdale, anapeza njira yopanikiza malata awiri n'kudutsitsa magetsi amphamvu kwambiri kwa kanthawi kosakwana sekondi, kotero kuti zitsulo zimagwirana m'kati kunja kusanatenthe. Mizere imene mwaiona m'mbali mwa sitimayo si yokongoletsa chabe. Chitsulocho n'chopyapyala, ndiye anachipinda ngati malata a denga kuti chilimbe. Sitima yonse, injini ndi mabogi, inali ya mamita 60 ndipo sinkafika matani 100.

Pa 26 Meyi 1934 anainyamutsa ku Denver m'bandakucha kuti ikafike ku Chicago tsiku lomwelo osaima paliponse. Mtundawo ndi makilomita 1,633, ndipo sitima ya malasha inkatenga maola oposa 25. Kampani inaimitsa sitima zina zonse pa njanjiyo n'kuika alonda paliponse pamene msewu ukudutsa njanji. Usiku woti mawa ndi ulendo anapeza kuti beringi ya mota imodzi yasweka, ndipo ina anachita kukaipempha kwa opikisana nawo aja, a Union Pacific. Ali m'njira chitseko chinapana waya, injini n'kuzima, ndipo munthu wina wa m'gulu la mainjiniya anagwirizitsa nsonga za wayayo ndi manja kuti injini ilirenso, napsa nazo. M'chipinda cha katundu munali bulu wamng'ono yemwe anawapatsa ku Colorado ngati mphatso. Anafika patatha maola 13 ndi mphindi 5, ndipo pamalo ena liwiro linafika makilomita 181 pa ola. Madzulo omwewo sitimayo anailowetsa pabwalo la chionetsero cha ku Chicago anthu akukuwa.

Ntchito yeniyeni inayamba pa 11 Novembala 1934, pakati pa Lincoln, Omaha ndi Kansas City. Anthu anabwera, ndipo vuto linayambira pomwepo. Zephyr inali ndi mipando 72 yokha, chifukwa bogi yoyamba inali ya injini ndi chipinda chosankhiramo makalata a positi, ndipo theka la yachiwiri linali la katundu ndi kakhitchini. Pa sitima ya masiku onse, anthu akachuluka pa Khirisimasi mumangokoka bogi ina pa siteshoni n'kuikoleka, ntchito ya mphindi zochepa. Pa sitima ya mawilo ogawana zimenezo sizitheka. Muyenera kupita nayo ku shedi, kukweza mabogi m'mwamba ndi majeke, kulowetsa kangolo kena, kenako n'kulumikiza yatsopanoyo. A Burlington anachitadi zimenezi n'kuwonjezera bogi yachinayi, koma injini ya horsepower 600 ili ndi polekezera. Injiniyo ikadwala, mabogi onse ankagona nayo limodzi. Wilo limodzi likafuna kusulidwa, chimodzimodzi. Komanso sitimayi inali ndi kutsogolo kumodzi, ndiye pamapeto a ulendo inkafunika njanji yotembenukirapo yonse yathunthu. Dalaivala naye ankakhala pamphuno penipeni popanda chomutchinga, ndipo mu 1939 Zephyr itawombana ndi sitima ya katundu ku Napier m'chigawo cha Missouri, woyendetsa anafera pomwepo.

Makampani anaphunzira msanga. Pofika 1936 a Burlington anali atayamba kupanga mutu wa dizilo woima paokha, wotheka kuuchotsa n'kuikapo wina. Mu 1937 makampani a Santa Fe ndi Baltimore & Ohio analandira mitu ya dizilo yokoka mabogi alionse. General Pershing Zephyr ya 1939 inali yonyezimira ngati zinzake koma bogi iliyonse inali ndi tingolo take tiwiri. Choncho dizilo anatsala, chitsulo chosachita dzimbiri chinatsala, kusalala kunatsala, koma mawilo ogawana a Burlington anawasiya pasanathe zaka 6. Tisitima toyambirira tija ankangotisamutsa kuchoka pa njanji ina kupita pa ina yocheperapo anthu, kulikonse kumene mipando yake yochepayo ikanakwanira.

Tsopano za kusungidwa kwake. Mukayang'ana zomwe zinapulumuka ndi zomwe zinatayika, mupeza kuti kutchuka sikunathandize kwenikweni. M-10000 inali yoyamba ku America, ndipo inatchuka mofanana ndi Zephyr. Inagwira ntchito pakati pa Kansas City ndi Salina kuyambira 1935, kenako anaipatsa dzina lakuti City of Salina, anaiimitsa mu Disembala 1941, ndipo mu 1942 anaiphwasula. Dziko linali litalowa mu Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse ndipo aluminiyamu ankafunika popanga ndege. Sitima zina zoyambirira za Union Pacific nazo palibe yomwe inatsala. Green Diamond ya kampani ya Illinois Central ndi Comet ya New Haven anazidula kumayambiriro kwa m'ma 1950, nthawi yomwe anthu ankaziona ngati zinthu zotha ntchito basi, zisanakalambe mokwanira kuti wina aziganizire ngati mbiri. Fliegender Hamburger inapulumuka nkhondo, inagwira ntchito mpaka 1957, koma chomwe anasunga ndi chidutswa cha kumutu kumodzi chokha, chomwe chili m'nyumba yosungiramo zakale za njanji ku Nuremberg. Ina ya mtundu wotsatira wake, yathunthu, imaima pa siteshoni yaikulu ya ku Leipzig.

Zomwe zinatsala zathunthu ku America ndi za fakitale ya Budd, ndipo chifukwa chake n'chitsulo chija. Sizinkaoneka kukalamba, zinapitiriza kugwira ntchito mpaka kumapeto kwa m'ma 1950, ndipo pofika nthawi imeneyo kunali kutayamba kupezeka anthu okonda kusunga zinthu za njanji. Pioneer Zephyr inachita mwayi woposa zonse. Itayenda makilomita pafupifupi 5 miliyoni, kampani inaipereka ku Museum of Science and Industry ku Chicago pa 26 Meyi 1960, tsiku lomwe panakwana zaka 26 chichitikireni ulendo wa ku Denver uja. Koma nayo inakhala pamtetete zaka zoposa 30, pafupi ndi sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ya ku Germany ya U-505, mvula ndi chipale chofewa zikuithira. Mu 1994 anaichotsa n'kupita nayo kufupi ndi Milwaukee kukaikonza, ndipo mu 1998 anaibweza n'kuiika m'chipinda cha pansi pa nthaka chomwe anamanga pamodzi ndi malo oimikapo magalimoto. Chithunzi mwaonacho n'cha m'menemo. Siyendanso, ndipo kuti ituluke pangafunike kugumula khoma.

Mng'ono wake, Flying Yankee, nkhani yake ndi imene imandiphunzitsa zambiri. Inapangidwa ndi Budd mu 1935 pafupifupi mofanana ndi Zephyr, ya makampani a Boston & Maine ndi Maine Central. Inkayenda pakati pa Boston, Portland ndi Bangor masiku 6 pa sabata, Lamlungu n'kupuma kuti amakaniko aione. Itaima mu 1957 anaipereka ku Edaville, malo osangalalirako anthu ku Massachusetts, komwe inakhala panja zaka zoposa 30. M'ma 1990 inapita ku New Hampshire, boma la chigawocho linaitenga, ndipo mu 1997 ntchito yoikonza inayamba ku Claremont. Cholinga chinali chachikulu: sitimayi iyendenso ndi injini yake, inyamule anthu pa njanji za masiku ano. Anaivula yonse, ndalama zambiri zinalowa, koma zinatha ntchito isanathe. Mu 2005 anaisamutsira ku Lincoln m'chigawo chomwecho, komwe inakhala zaka zambiri itavundikiridwa, tingolo take tili padera. Mu 2024 boma linaipereka ku bungwe la anthu odzipereka la Flying Yankee Association, ndipo anainyamula pa malole kupita nayo ku Conway kuti akayambirenso.

Munthu angafunse kuti chovuta n'chiyani pokonza sitima yosachita dzimbiri. Chomwe sichichita dzimbiri ndi khungu lokha. Tingolo, masipuling'i ndi zitsulo zina za kunsi n'zachitsulo wamba. Mphira za m'mawindo zikauma madzi amalowa, n'kuwoletsa pansi, mipando ndi mawaya, kunja kukuwalabe ngati kuti zonse zili bwino. M'makoma a sitima zambiri za nthawi imeneyo ankaikamo asibesitosi, yemwe kumuchotsa kumafuna akatswiri ndi ndalama zankhaninkhani. Akuba amazula mawaya a kopa. Injini ya Winton 201A analeka kuipanga kumapeto kwa m'ma 1930 itabwera ina yabwinoko yotchedwa 567, ndiye chipangizo chikasweka simungakachigule, muyenera kuchisulitsa. Pamwamba pa zonsezi pali mawilo aja. Nyumba yosungiramo zakale itha kulandira bogi imodzi ya masiku onse n'kuiika pakona. Sitima yolumikizana simungatengeko bogi imodzi, chifukwa mukaichotsa inzake imatsala yopanda poimira. Muyenera kutenga mamita 60 onse, ndi kupeza denga la mamita 60, kapena kudula chidutswa ngati anachitira ku Nuremberg. Kuisamutsa pamsewu kumafuna makina okweza, malole apadera ndi zochirikiza bogi iliyonse.

Mark Twain Zephyr ya 1935, yomwe inkayenda pakati pa St. Louis ndi Burlington, inaona mavuto onsewa. Itasiya ntchito mu 1958 inadutsa m'manja mwa eni ake ambiri ku Iowa, Missouri ndi Illinois, aliyense ndi maloto ake, wina ofuna malo odyera, wina sitima ya alendo, ndipo aliyense ankaisiya itathera kuposa mmene anaipezera. Inafika pongotsala chigoba. Mu 2020 kampani yaing'ono ya njanji ya Wisconsin Great Northern inaigula n'kupita nayo ku Trego kukaimanganso m'kati. Ine pa mkangano wakale wa osunga sitima, woti kodi tiikonze iyende kapena tiisunge chiimire, ndimaima ndi denga. Sitima yoyenda ndi yosangalatsa, palibe angakane, koma kuti ivomerezedwe kunyamula anthu lero muyenera kusintha mabuleki, magalasi, mawaya, nthawi zina ndi injini yomwe, ndipo chomwe chimatsala cha 1935 ndi khungu. Choipa kwambiri n'chakuti gulu likaphwasula sitima ndi chiyembekezo choti ndalama zibwera, kenako osabwera, imaonongeka msanga kuposa ikanangokhala yosakhudzidwa m'shedi youma.

Mawilo ogawana sanafe nawo limodzi tisitima timeneti. Dziko la Denmark linayambitsa sitima zake zotere mu 1935, Italy inapanga ya magetsi ya ETR 200 yomwe inafika makilomita 203 pa ola mu 1939, ndipo a ku France atatulutsa sitima yawo yothamanga kwambiri ya TGV mu 1981 anabwerera ku tingolo ta Jakobs pakati pa mabogi a anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi sitima zofanana zambirimbiri, moti imodzi ikalowa m'shedi ina imalowa m'malo, anthu akachuluka amalumikiza sitima ziwiri zathunthu, ndipo mashedi awo ali ndi majeke okweza sitima yonse nthawi imodzi. A Burlington mu 1934 anali ndi imodzi yokha. Phindu lina linaonekera mu Disembala 1993, pomwe TGV ina inachoka pa njanji kumpoto kwa France ikuthamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, nthaka itatitimira kunsi kwa njanji. Mabogi sanapindikane kapena kugubuduka, chifukwa anali ogwirana molimba, ndipo palibe anafa.

Ngati mukufuna yakale yomwe mungakwere ikuyenda, ilipo imodzi yodziwika. Ndi Nebraska Zephyr, yomwe mabogi ake anapangidwa mu 1936 kuti aziyenda pakati pa Chicago ndi Minneapolis. Mabogiwo anali magulu awiri ofanana. Gulu lina la mabogi analigulitsa ku Saudi Arabia, ndipo linalo lakhala ku Illinois Railway Museum m'tauni ya Union kuyambira 1968. Mabogi ake 5 ndi olumikizana pa tingolo togawana, koma mutu ndi woima paokha, wa dizilo wotchedwa Silver Pilot, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe yakhala yosavuta kuisamalira kusiyana ndi zinzake za injini ya m'thupi. Anthu odzipereka a kumeneko amaiyendetsa pa kanjanji kawo ka makilomita ochepa masiku ena a m'chilimwe, osati tsiku lililonse, choncho wopita kumeneko ayambe waona ndandanda yawo.